Madzi Akaima

Falih anandidzutsa nyenyezi zisanazime,
nati: ukachedwa upeza dambo litavala nkhope ya masana,
nkhope imene aliyense anaijambula kale.
Tinakankha bwato lake lakuda, lomatidwa phula,
lopyapyala ngati tsamba la bango,
ine kamera pachifuwa ngati khanda lodwala,
iye chilili kumbuyo, ndodo yaitali m'manja, osagwedera.

Mabango ankatitsegulira njira nkutitsekera kumbuyo.
Kunkanunkha matope, utsi wa ndowe,
ndi tiyi wa munthu wina amene sitinamuone.

Ndinabwera ku Chibayish ndi chithunzi chakale m'thumba la malaya.
Anachitola bambo anga ine ndisanabadwe:
nyumba ya mabango pa kachilumba, madzi mpaka pakhomo,
kamnyamata katagona pamsana pa njati yoweta.
Ndinkafuna kuima pomwe iwo anaima,
nditsinzine diso lomwe iwo anatsinzina.

Falih anachiyang'ana nthawi yaitali chili chozondoka,
kenaka anachitembenuza.
Apa ndikupadziwa, anatero. Koma bwato silifikako.
Tikayenda pansi.

Tinayendadi pansi.
Nthaka yong'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe,
mchere uli mbuu m'ming'alu,
zigoba za nkhono zikuphwanyika kunsi kwa nsapato,
ndi bwato lina litagona chafufumimba,
likudikirabe Firate amene analonjeza kubwera.

Ndinaimika miyendo itatu ya kamera pomwe panali khomo.
Ndinasuzumira m'galasi. Munalibe chosuzumira.
Chala chinakana kudina.
Jambula, anatero Falih, ilinso ndi dambo.
Sindinajambule.

Pobwerera dzuwa linali litakwera,
kuwala kouma, kopanda chifundo,
kumene aphunzitsi anga ankati nkotayitsa nthawi.
Galasi ndinali nditalivundikira.
Mpamene zinavuuka:
njati zisanu ndi ziwiri, mphuno ndi nyanga zokha,
zikupuma phuu, phuu, ndere zili lende m'makutu,
kakowa ataima pa imodzi ngati walipira ulendo,
ndipo m'mbuyo mwazo Nuriya, mwana wa Falih,
akupalasa yekha kabwato kake,
akuziitana imodziimodzi ndi mawu a kukhosi
amene njati zokha zimawamva.

Ndinapapasa chivundikiro, chinagwera m'madzi, chubwi!
Kakowa anauluka.
Njati ina inayetsemulira pagalasi.
Nuriya anacheuka nthawi yolakwika.
Ndinangodina, kamodzi.

Chithunzicho chilipo pakhoma langa ku Basra,
pambali pa cha bambo.
Nchopendekeka. Theka la phiko likuthawira pakona.
Dontho la madzi laphimba nkhope ya mwanayo
moti alendo amafunsa ngati ndi dzuwa.
Sichinapambane mpikisano uliwonse;
kunena zoona, sindinachitumize nkomwe.

Chachitatu, chija ndinakana kutola,
chilibe msomali wake,
koma ndicho ndimachiona bwino kuposa zinzake,
mng'alu uliwonse, chigoba chilichonse,
ngakhale mthunzi wa Falih utafupika pa mchere,
iye akuyang'ana kumbali kuti ndisachite manyazi.

Usiku magetsi akazima, fani nkuima,
thukuta likamayenderera kumsana,
ndimayatsa tochi ya pafoni nkuwunika khomalo,
madzi a bambo, madzi anga, ndi danga lili pakatipo,
ndipo ndimamumvanso akulankhula chakudya chili m'kamwa,
tsiku lija tinkamwa tiyi wotsekemera mopweteka mano
ndi buledi wosunsa m'mafuta a mkaka wa njati,
udzudzu ukutiimbira m'makutu:

Inu ojambula mumafuna madzi aime.
Madzi akaima, m'bale wanga,
ife timamanga katundu.